Bwalo Lopanda Mfumu: Mbiri ndi Zofooka za Malamulo a Pakati pa Mayiko

Anthu awiri akakangana za malire a munda kumudzi, njira yake ndi yodziwika. Wina amakadandaula kwa anyakwawa, tsiku limaikidwa, mboni zimaitanidwa, ndipo akuluakulu amene anaona mundawo ukugawidwa amanena zomwe akukumbuka. Wogonja akapanda kukhutira, nkhani imakwera kwa agulupu, kuchoka apo kwa mfumu yaikulu, mwinanso mpaka kukhothi. Paliponse pamene nkhaniyo yafika pamakhala wina woposa okanganawo, ndipo wonyoza chigamulo amadziwa kuti kumapeto kwa zonse kuli apolisi ndi ndende.

Tsono tichotsepo anyakwawa, agulupu, apolisi ndi ndende. Titsale ndi mabanja 193, ena olemera kwambiri, ena osowa ndi mchere womwe, ochepa ali ndi zida zoti zitha kuotcha mudzi wonse. Aliyense akuti pakhomo pake mfumu ndi iye, ndipo palibe angamuitanire kubwalo iye asanavomere. Umu ndi mmene mayiko akhalira, ndipo 193 ndi chiwerengero cha mayiko amene ali m'bungwe la United Nations.

Komabe sikuti amangokhala mwachisawawa. Alipo malamulo onena mmene dziko liyenera kukhalira ndi linzake: pamene malire adutsa, ulemu woyenera kazembe, nthawi imene nkhondo ili yololedwa, zochita naye msilikali wogwidwa kunkhondo, mwini wa nsomba za m'nyanja yamchere. Awa ndiwo malamulo a pakati pa mayiko. Tisawasokoneze ndi ena amene amathandiza khothi kudziwa lamulo loti ligwiritse ntchito Mmalawi akamanga ukwati ku Johannesburg n'kudzafuna kusudzulana ku Lilongwe. Imeneyo ndi nkhani ya anthu wamba. Yathuyi ndi ya maboma.

M'chaka cha 1832 katswiri wina wa ku England, John Austin, ananena kuti lamulo lenileni ndi limene wolamulira wapereka, lokhala ndi chilango kumbuyo kwake. Poti mayiko alibe wolamulira pamwamba pawo, iye anati zimene amatsatirazi si malamulo, ndi khalidwe labwino chabe. Kuti tione ngati ananena zoona, tiyenera kuyamba tadziwa kumene malamulowa amachokera.

Amawapanga ndani?

Dziko lapansi lilibe nyumba ya malamulo. Msonkhano waukulu wa United Nations ku New York umaoneka ngati nyumba yotero, chifukwa dziko lililonse lili ndi mpando ndi voti imodzi, koma zambiri zimene umagwirizana ndi malangizo chabe. Malamulo enieni amachokera kuwiri makamaka.

Koyamba ndi ku mapangano. Mayiko awiri, kapena zana, amakambirana, amalemba, amasaina, kenako boma lililonse limakatsimikiza kwawo kuti lavomeradi. Likatero lamangika, pajatu lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Mfundo yoti pangano liyenera kusungidwa inalembedwa m'pangano la ku Vienna la 1969, limene limafotokoza mmene mapangano ena onse ayenera kupangidwira, kumasuliridwa ndi kuthetsedwa. Koma taonani chofooka choyamba: dziko limene silinavomere silimangidwa. Likhozanso kuvomera pangano n'kunena kuti ndime yakutiyakuti yokha ayi, ndipo m'mapangano ambiri likhoza kutulukamo. Dziko la America linatuluka m'pangano la ku Paris la zanyengo mu 2020, linabwereramo mu 2021, n'kulengezanso mu 2025 kuti likutuluka. Palibe lamulo limene linaphwanya.

Kwachiwiri ndi ku mwambo. Mayiko akachita chinthu kwa nthawi yaitali, akukhulupirira kuti ayenera kutero, chinthucho chimasanduka lamulo ngakhale sichinalembedwe. Kusakhudza mthenga wa mfumu ina kunali mwambo kwa zaka mazanamazana kusanalembedwe m'pangano la za akazembe mu 1961. Vuto la mwambo ndi loti mwini zombo zambiri ndi asilikali ambiri ndiye amakhala ndi zochita zambiri zoti ena aziwerenga ngati mwambo.

Kuno kwathu, gawo 211 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limati pangano limene boma lapanga ndi mayiko ena kuyambira 1994 limakhala lamulo la m'dziko muno pokhapokha Nyumba ya Malamulo itakhazikitsa lamulo lonena choncho. Nduna ikhoza kusaina ku Geneva, koma woweruza wa ku Zomba amadikira aphungu.

Loya wa kampani ya zombo

Mafumu anayamba kalekale kulemberana mapangano. Limodzi lodziwika ndi la mtendere pakati pa Farao Ramesses II wa ku Egypt ndi mfumu Hattusili III ya Ahiti, cha m'ma 1259 Khristu asanabadwe, ndipo chithunzithunzi chake chinapachikidwa kulikulu la United Nations. Ku China, ku India, m'mayiko a Chisilamu ndi mu Africa muno munali miyambo ya amithenga, ya malonda ndi ya nkhondo. Koma malamulo amene mayiko akugwiritsa ntchito lero anaphukira ku Ulaya, ndipo chiyambi chawo sichoyera kwenikweni.

Mu 1603 zombo za Adatchi zinalanda chombo cha Apwitikizi chotchedwa Santa Catarina pafupi ndi Singapore. Chinali chodzaza ndi silika ndi mbale zamtengo wapatali za ku China. Kampani ya Dutch East India Company inafuna munthu woti afotokoze kuti kulandako sikunali kuba, ndipo inapeza mnyamata wanzeru wa ku Delft, Hugo Grotius, amene anali atangopitirira zaka 20. Mutu umodzi wa zimene analemba unasindikizidwa mu 1609. Mfundo yake inali yoti nyanja yamchere ilibe mwini, aliyense ali ndi ufulu woyendamo ndi kuchitamo malonda, choncho Apwitikizi analibe mphamvu yotsekera ena njira ya kum'mawa. Mngerezi wina, John Selden, anamuyankha ndi buku lotuluka mu 1635 lonena kuti nyanja ikhoza kukhala ndi mwini, poti nthawi imeneyo Angerezi ankadandaula ndi asodzi achidatchi m'nyanja zowazungulira. Aliyense ankalemba malamulo akuyang'ana thumba la kwawo. Angereziwo atakhala ndi zombo zambiri kuposa wina aliyense anatembenuka, n'kukhala alaliki aakulu a ufulu wa panyanja.

Grotius anamangidwa pa mikangano ya chipembedzo ndi ndale, anathawa m'ndende mu 1621 atabisala m'bokosi la mabuku, ndipo ali ku Paris mu 1625 anatulutsa buku lalikulu lofotokoza malamulo a nkhondo ndi mtendere. Analemba nkhondo ya zaka 30 ili mkati. Nkhondoyi, ya 1618 mpaka 1648, inayamba pakati pa Akatolika ndi Apulotesitanti, ndipo m'madera ena a Germany inapha munthu mmodzi mwa atatu alionse, ambiri ndi njala ndi matenda. Inatha ndi mapangano a ku Westphalia, osainidwa m'mizinda ya Münster ndi Osnabrück. Akatswiri a mbiri amatsutsana ngati mfundo ya kudzilamulira kwa dziko inalembedwadi m'mapanganowo, koma chaka cha 1648 chinasanduka chizindikiro cha ganizo lakuti wolamulira aliyense ndi mwini m'malire ake, ndipo papa kapena mfumu ina isalowerere.

Mfundo imeneyi ndiyo mzati wa malamulo onsewa, ndiyonso gwero la kufooka kwawo. Imateteza dziko laling'ono kuti lalikulu lisalilowerere. Imatetezanso wolamulira wankhanza kuti anthu akunja asamufunse za anthu amene akuwapha.

Pamene ife tinali katundu wogawana

M'zaka za m'ma 1800 malamulowa anakula msanga. Mayiko anagwirizana za matelegalamu mu 1865 ndi za makalata mu 1874. Henry Dunant wa ku Switzerland ataona asilikali ovulala atasiyidwa pabwalo la nkhondo ku Solferino mu 1859, anayambitsa ntchito imene inabala bungwe la Red Cross ndi pangano loyamba la ku Geneva la 1864. Misonkhano ya ku The Hague ya 1899 ndi 1907 inaika malire pa kamenyedwe ka nkhondo.

Koma maloya a nthawiyo ankagawa anthu m'magulu. Malamulo, iwo ankati, ndi a mitundu yotukuka yokha, kutanthauza azungu ndi ochepa amene azungu awalola. Mawu oti mitundu yotukuka akadalimo mpaka lero m'ndime 38 ya chikalata chokhazikitsa khothi la mayiko onse. Mafumu a mu Africa ankayesedwa oyenera kudinda chala papepala lopereka dziko lawo, koma osayenera kudandaula papepala lomwelo.

Kuyambira Novembala 1884 mpaka Febuluwale 1885, mayiko 14 anakumana ku Berlin ataitanidwa ndi Otto von Bismarck. Panalibe munthu wa ku Africa ndi mmodzi yemwe. Anthu ambiri amaganiza kuti kumeneko ndi kumene anajambula malire athu ndi rula, koma msonkhanowo unangoika malamulo a kalandidwe: wolanda dera la m'mphepete mwa nyanja adziwitse anzake, ndipo aonetse kuti akulilamuliradi. Malire enieni anabwera pambuyo, m'mapangano a mayiko awiriawiri. Pa 1 Julayi 1890 Britain ndi Germany anasainirana pangano limene Germany inalandira kachilumba ka Heligoland ku North Sea, Britain n'kutsala ndi mphamvu pa Zanzibar. M'pangano lomwelo analemba kuti malire a dera la Germany, limene lero ndi Tanzania, atsatire gombe la nyanja yathu ya Malawi mpaka pamathiriro a mtsinje wa Songwe. Chaka chotsatira Britain ndi Portugal anagawana mbali ya kum'mwera. Chifukwa cha malire a atsamundawa, lero Mchewa wa ku Dedza, wa ku Katete ndi wa ku Angónia ali nzika za mayiko atatu, ndipo ena amadutsa pachipata cha boma popita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi.

Zonsezi sizinali kuphwanya malamulo a pakati pa mayiko. Zinachitika motsatira malamulowo. Wophunzira wa ku Africa ayenera kuyambira pamenepa, osati kuti awataye, koma kuti asamawaone ngati anatsika kumwamba.

Phunziro la Ethiopia

Mpaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyamba nkhondo sikunali mlandu. Dziko linali ndi ufulu womenya linzake likaona kuti kutero kulipindulira. Anthu mamiliyoni atafa pakati pa 1914 ndi 1918, mayiko anakhazikitsa bungwe la League of Nations mu 1920, likulu lake ku Geneva, ndipo mu 1928 ambiri anasaina pangano lokana nkhondo ngati njira yothetsera mikangano. Bungwelo linabadwa lolumala. America, imene mtsogoleri wake Woodrow Wilson ndiye anali mwini ganizo, inakana kulowamo. Pa nkhani zazikulu pankafunika kuti onse avomere. Japan italanda Manchuria mu 1931 n'kudzudzulidwa, inangotuluka m'bungwemo.

Ethiopia inali membala kuyambira 1923. Mu Okutobala 1935 Italy ya Benito Mussolini inailowera ndi ndege ndi akasinja, mpaka kuwaza mpweya wapoizoni umene unali woletsedwa kale ndi pangano la 1925. Bungwe linavomereza kuti Italy ndiyo yalakwa, n'kuika ziletso za malonda. Koma pa mndandanda wa katundu woletsedwa panalibe mafuta a galimoto, ndipo ngalande ya Suez, imene zombo za Italy zinkadutsamo ndi asilikali, sinatsekedwe. Britain ndi France ankaopa kuti akamukwiyitsa Mussolini akagwirizana ndi Hitler. Pa 30 Juni 1936 mfumu Haile Selassie inaima pamaso pa nthumwi ku Geneva n'kuzichenjeza kuti zimene zachitikira Ethiopia zidzawagweranso iwo. Patangopita masabata awiri ziletso zija zinachotsedwa. Italy inadzatulutsidwa mu Ethiopia mu 1941 ndi nkhondo, osati ndi chigamulo, ndipo m'gulu la omenyawo munali asilikali a KAR ochokera ku Nyasaland.

1945: lamulo lamphamvu, makiyi kwa asanu

Chikalata chokhazikitsa United Nations chinasainidwa ku San Francisco pa 26 Juni 1945. Mwa mamembala 51 oyambirira, a mu Africa anali anayi okha: Egypt, Ethiopia, Liberia ndi South Africa. Chikalatachi chinaletseratu kugwiritsa ntchito nkhondo kapena kuopseza dziko lina, kupatulapo pawiri: podziteteza ukaputidwa, ndiponso pamene komiti ya chitetezo ya bungweli yaloleza. Milandu ya ku Nuremberg, yozenga atsogoleri a Germany itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, inakhazikitsa mfundo yoti nduna kapena mkulu wa asilikali akhoza kuimbidwa mlandu payekha. Mu 1948 kunabwera chikalata cha ufulu wachibadwidwe ndi pangano loletsa kupulula mtundu wa anthu, ndipo mu 1949 mapangano anayi a ku Geneva oteteza ovulala, akaidi a kunkhondo ndi anthu wamba.

Komiti ya chitetezo ili ndi mipando 15. Khumi amasankhidwa kwa zaka ziwiri. Asanu ndi okhazikika: America, Britain, China, France ndi Russia. Aliyense mwa asanuwa ali ndi mphamvu yotchedwa veto, kutanthauza kuti akangoti ayi, chigamulo chafa ngakhale ena 14 atavomera. Anthu amene analemba izi sanalakwitse mwangozi. Ankakumbukira League of Nations, ndipo anaona kuti bungwe lopanda akuluakulu ndi lachabe, pomwe akuluakuluwo sakanalowa m'bungwe loti lingawalange. Anasankha bungwe lokondera m'malo mwa bungwe lopanda anthu.

Zotsatira zake tinaziona pafupi. Mu Okutobala 1974 America, Britain ndi France anakana ganizo lochotsa South Africa ya tsankho m'bungwemo. Pa 25 Febuluwale 2022, tsiku limodzi chilowereni mu Ukraine, Russia inakana chigamulo choidzudzula, ndipo mwezi umenewo ndiyo inali wapampando wa komitiyo. Nthawi zina veto safunika n'komwe. America ndi Britain analowa mu Iraq mu 2003 popanda chilolezo chomveka, ndipo mlembi wamkulu Kofi Annan ananena chaka chotsatira kuti nkhondoyo inali yosemphana ndi chikalata cha bungwe. Palibe analangidwa. Ku Rwanda mu Epulo 1994, kuphana kuli pachimake, komitiyo inachepetsa asilikali ake osungitsa mtendere kuchoka pa 2,500 kufika pa 270. Anthu pafupifupi 800,000 anaphedwa m'masiku 100. Pangano la 1948 linalipo, koma panalibe dziko lamphamvu lofuna kutumiza ana ake.

Africa ili ndi mayiko 54 m'bungwemo koma ilibe mpando wokhazikika. Mu 2005, ku Ezulwini m'dziko la Eswatini, mayiko athu anagwirizana zofuna mipando iwiri yokhazikika yokhala ndi veto. Kuti chikalata chisinthidwe pamafunika kuti asanu aja onse avomere.

Ofooka atola chida

Chodabwitsa ndi chakuti mayiko atsopano sanawataye malamulowa. Anawatola n'kuwatembenuzira kwa eni ake. Pa 14 Disembala 1960 msonkhano waukulu wa United Nations unalengeza kuti utsamunda uyenera kutha, ndipo ufulu wa mtundu wa anthu wodzisankhira boma unasanduka lamulo. Malawi ndi Zambia analowa m'bungweli tsiku limodzi, pa 1 Disembala 1964. Miyezi ingapo izi zisanachitike, atsogoleri a bungwe la mayiko a mu Africa la OAU anali atagwirizana ku Cairo kuti malire osiyidwa ndi atsamunda alemekezedwe monga alili. Sikuti ankawakonda malirewo. Ankadziwa kuti kuyamba kuwajambulanso n'kuyatsa moto umene palibe angauzime.

Njira sinali yosalala. Mu 1960 Ethiopia ndi Liberia anasumira South Africa ku khothi la mayiko onse ku The Hague, lodziwika ndi zilembo za ICJ, chifukwa cha ulamuliro wake wa tsankho ku South West Africa. Mlandu unatenga zaka zisanu ndi chimodzi. Mu Julayi 1966 oweruza anagawikana pakati, 7 uku 7 uku, ndipo wapampando, Percy Spender wa ku Australia, anaponya voti yachiwiri yonena kuti mayiko awiriwo nkhaniyo siikuwakhudza. Za tsankho lenilenilo khothi silinanenepo kanthu. Mayiko a mu Africa analinyanyala kwa zaka zambiri. Koma mlandu suwola: mu 1971 khothi lomwelo, lili ndi oweruza ena, linanena kuti South Africa ili m'dzikomo mophwanya malamulo, ndipo dzikolo, limene tsopano ndi Namibia, linalandira ufulu pa 21 Malichi 1990.

Khothi loitana wofuna yekha

Khothi la ICJ lili ndi oweruza 15 osankhidwa kwa zaka zisanu ndi zinayi. Limamva milandu ya maboma okhaokha, ndipo silingazenge dziko limene silinavomere mwa njira ina kuti lizengedwe. Mayiko amene analemba kuti ndi okonzeka kusumiridwa nthawi iliyonse sakwana theka, ndipo mwa asanu aja ndi Britain yokha.

Nkhani ya Nicaragua imaonetsa zonse. Mu 1984 kadziko ka ku Central America aka kanasumira America chifukwa chotchera mabomba m'madoko ake ndi kupereka zida kwa zigawenga za Contra. America inayesa kunena kuti khothi lilibe mphamvu, italephera inatuluka m'mlandumo. Mu Juni 1986 khothi linagamula kuti America yalakwa ndipo ilipire. Chikalata cha United Nations chimati wopambana mlandu, mnzake akakana kumvera, akadandaule ku komiti ya chitetezo. Nicaragua inapita, America inaponya veto. Ndalama sizinaperekedwe, ndipo mu 1991 boma latsopano la Nicaragua linausiya mlanduwo. Mu Malichi 2022 khothi linalamula Russia kuti iimitse nkhondo ku Ukraine, ndipo nayonso sinamvere.

Tisathamangire kuloza akuluakulu okha. Bungwe la SADC linali ndi khothi lake ku Windhoek, kumene munthu wamba ankatha kusumira boma lake. Mu Novembala 2008 linagamula mokomera alimi achizungu amene analandidwa minda ku Zimbabwe. Boma la Robert Mugabe linakana chigamulocho. Atsogoleri a m'chigawo chino sanaikakamize Zimbabwe, m'malo mwake analiimitsa khothilo mu 2010, ndipo ku Maputo mu 2012 anagwirizana kuti likadzabwerera lisadzamvenso madandaulo a anthu wamba. Kukana kuweruzidwa si matenda a mayiko olemera okha.

Khothi lina la ku The Hague, la ICC, limazenga anthu osati maboma. Linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Rome la 1998 ndipo linayamba ntchito mu 2002. America, China, Russia ndi India si mamembala. Lilibe apolisi, limadalira maboma kuti amange munthu. M'zaka zake 20 zoyamba onse amene linawapeza olakwa anali a ku Africa, ngakhale kuti milandu ina anaipereka okha maboma a Uganda, Congo ndi Mali. Ya ku Darfur inatumizidwa mu 2005 ndi komiti ya chitetezo, momwe atatu mwa asanu aja sali pansi pa khothilo. Chikalata chomangira Omar al-Bashir wa ku Sudan chinatuluka mu 2009. Mu Okutobala 2011 iye anabwera ku msonkhano wa COMESA ku Lilongwe, boma la Bingu wa Mutharika silinamumange, ndipo ICC inagamula kuti Malawi yalephera udindo wake. Chaka chotsatira boma la Joyce Banda linakana kumulandira, ndipo msonkhano wa African Union umene ukanachitikira ku Lilongwe unasamukira ku Addis Ababa. Dziko limodzi, lamulo limodzi, mayankho awiri m'miyezi yosakwana khumi. Chimene chinasintha ndi wolamulira ndi kawerengedwe kake ka mabwenzi oyenera kusungidwa. Vladimir Putin naye ali ndi chikalata chomumangira cha 2023, koma mu 2024 anakacheza ku Mongolia, membala wa khothilo, n'kubwerako bwinobwino.

Nanga bwanji sakufa?

Wowerenga akhoza kuganiza kuti Austin uja wapambana. Koma nkhani zimene zimamveka pawailesi ndi za tsiku limene lamulo laphwanyidwa. Ndege yochoka pabwalo la Kamuzu imadutsa mumlengalenga mwa mayiko ena chifukwa cha pangano la ku Chicago la 1944. Pasipoti imalemekezedwa pachipata cha Mwanza ndi cha Mchinji. Feteleza ndi mafuta zimabwera kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo pangano la za nyanja zamchere la 1982 limapereka kwa dziko lopanda gombe ufulu wofika kunyanja kudzera mwa oyandikana nalo. Pangano la ku Montreal la 1987 loletsa mankhwala oononga mpweya wotiteteza ku dzuwa linavomerezedwa ndi mayiko onse, ndipo mankhwalawo anasiyidwadi. Palibe wapolisi amene amakakamiza zimenezi. Dziko limasamala kazembe wa eni chifukwa wake ali m'manja mwa eniwo, limasunga pangano chifukwa mawa lidzafuna ngongole, msika kapena njira. Ngakhale oyambitsa nkhondo sanena kuti lamulo kulibe. Amatumiza maloya kukafotokoza kuti akudziteteza.

Pa nkhani za malire mu Africa khothi la ICJ lagwira ntchito yooneka. Mu 1994 linagamula kuti dera la Aouzou ndi la Chad, ndipo Muammar Gaddafi wa ku Libya, amene anamenyera nkhondo deralo, anachotsa asilikali ake m'miyezi yochepa. Mu 2002 linapereka Bakassi, dera la nsomba ndi mafuta, kwa Cameroon. Nigeria inali ndi asilikali ambiri ndipo anthu okhala kumeneko ambiri ankadziona ngati a ku Nigeria, komabe mtsogoleri wake Olusegun Obasanjo anasaina mgwirizano wochoka mu 2006, ndipo mu Ogasiti 2008 deralo linaperekedwa. Botswana ndi Namibia anakanganirana kachilumba ka mumtsinje wa Chobe, kamene ena amati Sedudu ena Kasikili. Anapita limodzi ku The Hague mu 1996, khothi linakapereka kwa Botswana mu Disembala 1999, Namibia inavomera. Chimene oweruza ankamasulira pa mlanduwo ndi pangano lija la Britain ndi Germany la 1890.

Pangano lomwelo ndilo lili pakati pa mkangano wa Malawi ndi Tanzania. Malawi imati malire ali pagombe la kuvuma monga zinalembedwera mu 1890, ndipo mgwirizano wa ku Cairo unatseka nkhani. Tanzania imati mwambo wa mayiko ndi woti nyanja ya pakati pa mayiko awiri imagawidwa pakati, ndiponso kuti anthu a m'mphepete mwake sangauzidwe kuti madzi amene amamwa ndi a dziko lina. Mbali ya Mozambique inasinthidwa kale mu 1954, pamene Britain ndi Portugal anasunthira malire pakati pa nyanja, zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kutsala za Nyasaland. Malawi imati izi zikusonyeza kuti malire amasintha ndi pangano lokha, Tanzania imati zikusonyeza kumene chilungamo chili.

Nkhaniyi inabuka mwamphamvu m'zaka za 1967 ndi 1968, inazizira, n'kudzukanso boma la Malawi litapereka chilolezo chofufuza mafuta m'nyanjamo mu 2011. Atsogoleri opuma, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, koma zokambirana zinaima mu 2014 popanda chogwirizana. Malawi inalemba kale mu 1966 kuti ndi yokonzeka kuweruzidwa ndi ICJ. Tanzania sinalembe zotero, choncho mlanduwu ungafike ku The Hague pokhapokha maboma onse awiri atagwirizana kuutengera kumeneko, monga anachitira Botswana ndi Namibia.